Kalipentala amene anakana kukhoma msomali pabuloko

Nyumba yanga ya ku Chileka ndinaimanga ndi mabuloko a simenti, amabowo aja. Makoma atafika pa ring beam, bimu wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma uja, alamu anga anandipatsa nambala ya kalipentala wina wa ku Ndirande, bambo wachikulire ndithu, woyenda ndi anyamata awiri. Ntchito yawo ndi imene ndikufuna ndikuuzeni, zabwino ndi zoipa zomwe.

Tsiku loyamba sanayambe ndi za ndalama. Anakwera pakhoma, n'kuyenda nyumba yonse kuzungulira, potsika nkhope ili gwaa. "Achimwene, anathira bimuyu ndani? Sanasiyemo waya ngakhale mmodzi. Dengali tilimangirira pati?" Ine mwaumbuli ndinati angokhoma thabwa lapakhomalo ndi misomali ya konkire basi. Sanandiyankhe. Anatola buloko lotsala n'kulikhoma msomali wa mainchesi 4, ndipo linangoti phwa, kugamphuka mbali yonse. "Mwaona? Mphepotu sikanikiza denga pansi ayi, imalivula ngati chipewa. Msomali wa pabuloko sungaligwire."

Aliyense amene anali mu Blantyre muno mu March 2023, nthawi ya namondwe Freddy, sangatsutsane ndi mawu otere. Ndinangokhala chete.

Zimene anachita n'zakuti anaboola mabuloko a mzere wapansi pa bimu, bowo limodzi pamalo aliwonse pokhala thirasi, chimango cha matabwa chonyamula denga chija. M'mabowomo anapisamo hoop iron, kachitsulo kopyapyala kangati lamba kaja, n'kukakulunga bimu yense, kukadutsitsa pamwamba pa wall plate (thabwa logona pakhoma lija) ndi pathirasi, kenako n'kukakhoma misomali mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti mphepo ikafuna kunyamula malata, iyambe yanyamula bimu wa konkire ndi zitsulo zake. Mabowo aja anawatseka ndi matope a simenti, moti titapaka pulasitala palibe angadziwe. Pakhonde, pomwe mphepo imalowera pansi pa malata, anamanga kawiri.

Matabwa tinakagula limodzi, a paini, 2 by 6 a mathirasi ndi 2 by 2 okhomapo malata. Anabweza asanu ndi awiri pamaso pa wogulitsa, akuti ena ndi aawisi, ena ali ndi mfundo pakati penipeni. Ine manyazi anandigwira, iwo ayi. Onse anawapaka mankhwala a Solignum asanakwere nawo, makamaka kumapeto kokhudza khoma, poti chiswe cha kwathu kuno sichichita ulesi.

Koma bambowa nthawi saidziwa. Ntchito yomwe anati ndi ya masiku asanu inatenga masabata atatu. Akati "mawa m'mamawa" muziwerengera mkuja masana, foni ili yozima. Pambuyo pake ndinamva kuti anali ndi denga lina ku Lunzu. Chinandiwawa kwambiri ndi mawerengedwe: malata anaperewera anayi, ndipo kuchokera pomwe kwacha inagwa mu November 2023, mtengo wa lero si wa sabata yamawa. Ndinawonjezera ndalama zomwe sindinakonzekere. Anyamata awonso anasiya misomali mbwee pabwalo, mwana wanga anaponda umodzi.

Mtengo wawo ndi wokwererapo kuposa akalipentala awiri omwe ndinawafunsa poyamba, ndipo kunenerera salola. Awiri ajatu palibe anatchulapo za waya.

Chimphepo cha mvula yoyamba chitabwera, ndinagona maso ali kudenga, kumvetsera. Malata analira, koma palibe chinasuntha. Kutacha tinapeza denga la kitchini ya aneba, lomwe anangolitsindira ndi miyala, lili m'munda mwanga mwa chinangwa.

Ndikadzayamba boys' quarters ndidzawaitananso, koma ulendo uno adzabwere tsiku lothira bimu kuti waya alowe m'konkire momwemo. Ndalama ndidzawapatsa theka, zinazo akadzatsika padenga, ndipo malata ndidzawerenga ndekha.