Human Mortality Database: nkhokwe yabwino, koma mafayilo ake ali ndi minga

Pa nkhokwe zaulere za ziwerengero za imfa, Human Mortality Database ndiyo yodalirika kwambiri. Inatsegulidwa mu 2002 ndi University of California ya ku Berkeley pamodzi ndi Max Planck Institute ya ku Rostock, ndipo muli mayiko oposa 40. Za Sweden zimayambira mu 1751, za France mu 1816. Dziko la mu Africa mulibe ngakhale limodzi, poti amangotenga mayiko olembetsa pafupifupi imfa iliyonse. Wofufuza za Malawi apite ku World Population Prospects ya United Nations.

Mumayamba mwalembetsa ndi imelo. Webusayitiyi inakonzedwanso mu 2022, anthu anayenera kulembetsanso, n'chifukwa chake makhodi ambiri akale opezeka pa intaneti amakana lero.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi polowetsa fayilo mu R, pulogalamu yosanthulira ziwerengero. Tengani Mx_1x1, fayilo ya mlingo wa imfa (mx) pa msinkhu uliwonse chaka chilichonse. Mzere woyamba ndi mutu, wachiwiri ndi wopanda kanthu, choncho read.table imafuna skip = 2 ndi header = TRUE. Pomwe palibe chiwerengero amaikapo kadontho; mukaiwala na.strings = ".", danga lonselo limasanduka mawu, mean n'kumangobweza NA, kutanthauza kuti palibe chiwerengero. Msinkhu womaliza amaulemba 110+, ndipo as.integer imausandutsa NA ndi kachenjezo kamodzi kosavuta kukaphonya.

Phukusi la R lotchedwa HMDHFDplus limazula zambiri mwa mingazi. readHMDweb imatsitsa fayilo, kukonza misinkhu n'kuwonjezera danga la OpenInterval losonyeza msinkhu womaliza uja. Chofunika n'kudziwa zilembo za dziko, ndipo zina simungaziganizire nokha: Sweden ndi SWE, koma Germany yonse ndi DEUTNP, England ndi Wales ndi GBRTENW. Mawu achinsinsi olowera pa webusayiti, omwe readHMDweb imafuna, aikeni mu .Renviron, fayilo yomwe R imawerenga poyamba, osati m'khodi yomwe mawa mudzatumizira mnzanu.

Chimene phukusi silingakonze ndi ziwerengero zenizenizo. Ku Iceland anthu ndi ochepa, moti zaka zina pa misinkhu ina ya ana palibe womwalira. Log ya 0 imapereka -Inf, ndipo Lee-Carter, model yolosera imfa pogwiritsa ntchito log ya mx, imagwa pomwepo. Fayilo ya Mx_5x1, yophatikiza misinkhu isanuisanu, imachepetsa vutoli. Komanso mx ya mu life table (tebulo lowerengera zaka zomwe munthu akuyembekezeka kukhala ndi moyo) simafanana ndi ya mu Mx_1x1 kwa okalamba, chifukwa kuyambira pa msinkhu wina wa pakati pa zaka 80 ndi 95 kupita m'tsogolo amaisalaza ndi njira ya masamu ya Kannisto. Ngati mukupanga model yanuyanu, tengani Deaths_1x1 (chiwerengero cha imfa) ndi Exposures_1x1 (chiwerengero cha anthu omwe anali moyo m'chakacho) muwerengere nokha mx.