Nazale ya m'mbali mwa msewu yomwe inapulumutsa gardenia wanga

Amene mumakonda maluwa muno mu Blantyre ndati ndikuuzeniko za nazale ina yomwe ndimagulako mbande. Ili m'mbali mwa msewu ukamalowera ku Limbe, ilibe chikwangwani chilichonse, ndi machubu akuda basi atandandalikidwa pansi pa mtengo, eni ake ndi bambo ena achikulire ndi mnyamata wothirira. Chaka chatha ndinagulako ma gardenia awiri chifukwa cha fungo lake lija, amene munalimvapo madzulo dzuwa likamalowa mukundimvetsa, duwa limodzi lokha limanunkhiritsa khonde lonse. Mtengo wake unali wokwererapo kuposa ma hibiscus koma sindinadandaule.

Ndiyambe ndi zomwe sizinandisangalatse. Pogula paja sanandiuze kalikonse za kasamalidwe, anangolandira ndalama nkundinyamulira mpaka pa galimoto. Komanso dothi la m'chubumo linali lamakande lolimba gwa, ukathira madzi amangokhala pamwamba, ndipo mbande imodzi inali kale ndi tizirombo toyera ngati thonje tobisala pomwe tsamba limalumikizana ndi nthambi. Nde mukamagula tembenuzani masamba muone kunsi kwake, osamangoyang'ana kubiriwira kwa pamwamba.

Nditafika kunyumba ndinabzala pafupi ndi fensi ya simenti, nkuthira phulusa pang'ono mu dzenje monga timachitira kudimba, kuthirira ndimagwiritsa madzi a pa mjigo. Patatha miyezi itatu masamba atsopano onse anali achikasu mbuu koma timitsempha take tokha tobiriwira, maluwa akati atuluke amathothoka asanamasule nkomwe, m'mawa ndimangotola pansi mtima ukuwawa. Ndinathyola kanthambi nkubwerera nako ku nazale kuja ndili wokhumudwa ndithu, ndipo apa mpomwe ndinawapatsira ulemu bambo aja.

Anangoyang'ana tsambalo nkufunsa, "Mayi, mwathirako phulusa eti? Nanga mwabzala pafupi ndi khoma?" Ndinavomera zonse ziwiri. Anandikhazika pa chidebe nkuyamba kufotokoza modekha kuti gardenia ndi m'bale wake wa khofi, banja lawo ndi limodzi, ndipo amafuna dothi la asidi ngati lomwe tiyi amakonda ku Thyolo ndi ku Mulanje, pH yake (muyeso wa asidi m'dothi) izikhala pakati pa 5 ndi 6.5. Phulusa, laimu wochokera mu simenti komanso madzi a m'mijigo ina zimachotsa asidi uja, nde ayironi amakhalamo m'dothimo koma mizu imalephera kumuyamwa, nchifukwa chake tsamba limachita chikasu kuyambira ku nsonga za nthambi. Akanakhala masamba akale am'munsi ndi omwe akusintha mtundu akuti tikanaganizira madzi ochuluka kapena njala ya feteleza. Kusiyanitsa kumeneku ndi komwe ineyo sindimakudziwa, ndipo ndi komwe kunandithandiza kwambiri.

Anandiuza kuti ndiwazule ndiwaike m'miphika yoboola bwino kunsi, dothi likhale losakaniza ndi manyowa a masamba owolerana ndi makungwa a paini, pamwamba ndiphimbire ndi masamba a paini omwewo. Anandigulitsako kapaketi ka iron chelate, ufa wa ayironi wosungunula m'madzi, nkundichenjeza kuti CAN ndimusiyire chimanga, bola sulphate of ammonia pang'ono chabe chifukwa iyeyo amawonjezera asidi. Madzi akuti ndizitunga a mvula ndikusunga mu dramu, ndipo ndisamathirire mwachizolowezi, ndizipisa kaye chala m'dothi, likakhala lonyowa ndidikire.

Za kuthothoka kwa maluwa anati gardenia sakonda kusinthasintha, lero dothi louma mawa madzi mpaka kusefukira, kapena kumangosuntha mphika pomwe wayamba kutulutsa maluwa. Dzuwa la m'mawa ndi labwino koma la masana mu Okutobala limamuwotcha, nde ndinawaika kum'mawa kwa khonde ndipo sindinawasunthenso.

Tizirombo tija tinali titachulukana mpaka masamba akuda ngati apakidwa mwaye, nyerere zili pikitipikiti kukwera ndi kutsika. Zakudazo ndi nkhungu yomwe imamera pa timadzi totsekemera tomwe tizirombo timatulutsa, nyerere nazo zimabwerera timadzi tomweto. Ndinkapukuta tsamba lililonse ndi kansalu ka madzi a sopo, kenako kupopera madzi a nimu madzulo sabata ndi sabata, zinanditengera pafupifupi mwezi wathunthu koma zinatha.

Masamba akale achikasu aja ambiri anagwa, koma atsopano anatuluka obiriwira onyezimira ngati apakidwa mafuta. Mmodzi anachira msanga, wina uja wa tizirombo mpaka pano ndi wamfupi koma ali moyo. Mvula itayamba wamkuluyo anamasula maluwa oyera mbee, ndipo ana ndawaletsa kuwagwira chifukwa ukangokhudza ndi chala pamasanduka bulauni.

Malangizo onsewa sanandilipiritse ngakhale tambala, ndinangolipira kapaketi kaja. Ndimapitabe komweko ndipo anzanga ndimawatumiza, kungoti bambowo muziwafunsa mafunso musanapereke ndalama chifukwa paokha sayamba kuyankhula. Sabata yatha andiwonetsa kudula kanthambi ka masentimita 10 mpaka 15 nkukazika mu mchenga wonyowa pamthunzi, ndazika tinayi kuseri kwa khitchini.