Ziwerengero za Tanzania, Zambia ndi Mozambique: kokazipeza osataya ndalama

Anzanga a ku Mzuni amene akulemba kafukufuku, ndi ena olemba mapempho a thandizo m'mabungwe muno mu Mzuzu, akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi: chiwerengero cha anthu a ku Tanzania, kukwera kwa mitengo ku Zambia, malonda athu ndi Mozambique, tizizipeza kuti chaka ndi chaka? Ndiyankhe kamodzi pano, ndipo ndiyambira kumene simuyenera kupita.

Pali masamba a pa intaneti ogulitsa ziwerengero. Mukafufuza pa Google ndiwo amatulukira pamwamba, ndi zithunzi zokongola, koma nambala imene mukuifunayo aibisa mpaka mulipire. Limodzi mwa masamba amenewa linandiwawitsa mtima. Mtengo wa pamwezi anaulemba m'zilembo zikuluzikulu, pamene mawu oti adula ya chaka chonse nthawi imodzi anawabisa pansi m'tizilembo tosaoneka. Khadi langa analidula m'madola, patangopita nthawi yochepa kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense amene anayesapo kupeza madola kubanki masiku amenewo akudziwa kuwawa kwake. Nditawalembera kuti ndikufuna kusiya, anandiyankha kuti mgwirizano ndi wa chaka ndipo sabweza kanthu.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinabwera nditatsegula zomwe ndinagulazo. Pansi pa chithunzi chilichonse panalembedwa kuti nambalazo zachokera ku World Bank kapena ku IMF, kumene aliyense amatenga mwaulere. Ndinalipira madola osowa kuti munthu andikongoletsere chinthu chaulere. Ndikafuna za chigawo cha Mbeya kapena boma la Lundazi, madera amene ife akumpoto timachita nawo malonda, kunalibe ngakhale mzere umodzi. Wophunzira amene ndalama ya bando amachita kupempha kwa makolo asayandikire kumeneko.

World Bank inatsegula nkhokwe yake ya World Development Indicators kwaulere mu 2010, ndipo pofananitsa maiko anayi pa tebulo limodzi palibe yoiposa, chifukwa amayeza onse ndi muyeso umodzi. Vuto lake ndi kuchedwa komanso kusatsikira m'zigawo. IMF imatulutsa lipoti lake la chuma cha maiko, World Economic Outlook, mu Epulo ndi Okutobala, koma samalani, nambala za zaka zaposachedwa zambiri zimakhala zongoyerekeza ogwira ntchito awo, si zimene boma lalengeza.

Mtima wanga uli kwa eni ake, maofesi a ziwerengero a maikowo, anzake a NSO yathu ya ku Zomba. Mwa atatuwa ndimaikonda ZamStats ya ku Zambia, ndipo sindibisa. Mwezi uliwonse amatulutsa kabuku ka kukwera kwa mitengo ndi malonda akunja, m'Chingerezi chosavuta, kosadya bando wambiri. Kalembera wawo wa 2022 anapeza anthu oposa 19.6 miliyoni, pamene wathu wa 2018 anapeza 17,563,749. Chenjezo limodzi: mu Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha yake, ndiye mabuku akale mukawaphatikiza ndi atsopano osayang'ana, muona ngati chuma chinagwa chagada.

National Bureau of Statistics ya ku Tanzania imatulutsa kabuku ka pachaka kotchedwa Tanzania in Figures, kabwino kwa munthu wofulumira. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 61,741,120 m'dziko lonse. Koma matebulo ambiri a zachuma ndi a kumtunda kokha, chifukwa Zanzibar ili ndi ofesi yakeyake, choncho muziwerenga mutu wa tebulo musanakopere. Ndimakumbukiranso kuti mu 2018 boma la Tanzania linakhwimitsa lamulo la ziwerengero mpaka kutsutsa poyera ziwerengero za boma kunasanduka mlandu, ngakhale anadzalifewetsa mu 2019. Za zaka zimenezo ndimaziyerekeza kaye ndi za World Bank. Kumbukiraninso kuti chaka chawo cha bajeti chimayamba mu Julayi, cha Zambia mu Januwale, chathu tsopano mu Epulo.

INE ya ku Mozambique ili ndi buku la pachaka, Anuário Estatístico, ndipo kalembera wawo wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 27.9 miliyoni. Zambiri za patsamba lawo n'zachipwitikizi, ndipo pamene ife timaika kadontho m'nambala iwo amaika chizindikiro cha koma (,).

Mabungwe a maiko a m'chigawo chino cha Africa ndiwadutsa msanga. Wina akakuuzani kuti mupite ku COMESA, bungwe la malonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, dziwani kuti Tanzania inatulukamo mu 2000 ndipo Mozambique inali itatuluka kale, ndiye mwa anansi athu mupezamo Zambia yokha ngati membala. SADC ili nawo onse atatu, koma nambala zake zimafika zitakalamba.

Pali dzenje limene onsewa sanalikwirire. Pitani ku Taifa Market muone zitenje, nsapato ndi ziwiya zochokera ku Kyela ndi Dar es Salaam. Zina zimalembedwa pa chipata cha Songwe, zina zimadutsa panjinga ndi pamutu m'njira zachidule, monganso chimanga chimachitira nthawi ya njala. Ziwerengero za boma zimaona zodutsa pa kasitomu zokha. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mu UN Comtrade, nkhokwe ya United Nations ya ziwerengero za malonda, zimene Malawi akuti wagula ku Tanzania sizifanana ndi zimene Tanzania akuti watigulitsa. Wolemba za chimanga, mpunga kapena nyemba aonjezerepo malipoti a FEWS NET, bungwe lochenjeza za njala, amene akhala akutsata malonda osalembedwa m'malire mwathu.

Ndiye mukandifunsa, ndikuti tebulo lofananitsa maiko mutenge ku World Bank, nambala ya dziko limodzi kapena chigawo mutenge kwa eni ake, ndipo za malonda mulembetse ku Trade Map, nkhokwe ya ziwerengero za malonda ya bungwe la International Trade Centre (ITC), imene kwa ife a m'maiko osauka ndi yaulere. Fayilo iliyonse muisunge m'kompyuta ndi tsiku limene mwaitenga, chifukwa maofesi onsewa amakonzanso nambala zakale, ndipo aphunzitsi anu akadzayang'ana akhoza kupeza ina.