Chinook, Mi-26 ndi CH-53: Chifukwa Chake Yamphamvu Koposa Siigulidwa Kwambiri

M'mwezi wa Malichi 2002, nkhondo ili mkati m'mapiri a kum'mawa kwa Afghanistan, helikopita ya asilikali a America ya mtundu wa Chinook inaomberedwa pa phiri la Takur Ghar ndipo inakatera mokakamizika pamalo okwera mamita pafupifupi 2,600. Eni ake atafuna kuichotsa, anapeza kuti pa ndege zawo panalibe imene ikanainyamula pamtunda wotere, pomwe mpweya ndi wopepuka ndipo mapiko sagwira bwino. Anachita kubwereka helikopita ya Mi-26 yopangidwa ku Russia, imene inafika, n'kuikoleka kunsi ndi zingwe, n'kunyamuka nayo ngati mphamba wafwamba mwanapiye. Amene wamva nkhaniyi angaganize kuti mpikisano unathera pomwepo, koma chodabwitsa n'chakuti ma Mi-26 onse amene anapangidwa angopitirira 300, pamene ma Chinook anadutsa 1,200 ndipo mayiko akuitanitsabe ena.

Pa mphamvu yokha, Mi-26 ilibe inzake pakati pa mahelikopita amene akugwira ntchito lero. Inakonzedwa ku Moscow ndi akatswiri a kampani ya Mil motsogozedwa ndi Marat Tishchenko, inauluka koyamba pa 14 Disembala 1977, ndipo asilikali a Soviet Union anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1983. Ili ndi mapiko 8 amene akamazungulira amatenga malo otambalala mamita 32, ndipo imanyamula katundu wa matani 20, kaya m'mimba mwake kaya wolendewera kunsi. Kunena mwa kumsika, amenewa ndi matumba 400 a chimanga a makilogalamu 50, ulendo umodzi. Inatumizidwa ku Chernobyl mu 1986, malo opangira magetsi a nyukiliya ataphulika kumeneko, ndipo chivomezi chitagwedeza chigawo cha Sichuan ku China mu 2008, ndi iyo imene inkatula makina okumbira nthaka m'mbali mwa nyanja ya Tangjiashan, imene inapangika nthaka yogumuka itatseka mtsinje, komwe misewu inali itaduka. Komabe kukula komweko kuli ndi mtengo wake wowawa: pa 19 Ogasiti 2002, zigawenga za ku Chechnya zinaombera Mi-26 imene inali itadzazidwa mopyola muyeso pafupi ndi Khankala, ndipo anthu 127 anafa, ngozi yoopsa kuposa ina iliyonse m'mbiri ya mahelikopita.

Chinook ndi yakale kuposa pamenepa, popeza inauluka koyamba pa 21 Seputembala 1961 ndipo pofika 1965 inali ikugwira ntchito ku Vietnam. Dzina lake ndi la mtundu wa anthu a kumpoto chakumadzulo kwa America. Imanyamula matani ongopitirira 10, theka chabe la Mi-26, koma luso lake lagona pa kapangidwe. Helikopita wamba imakhala ndi kapiko ka kumchira komwe ntchito yake n'kuletsa thupi la ndege kuzungulira, ndipo kameneka kamadya gawo la mphamvu ya injini osanyamula kanthu. Kampani ya Boeing Vertol inaika mapiko aakulu awiri, ena kutsogolo ena kumbuyo, ozungulira mosemphana, kotero kuti mphamvu yonse imapita pa kunyamula. N'chifukwa chake Chinook imathamanga makilomita pafupifupi 300 pa ola, komanso siivuta kwenikweni katundu akalemerera mbali ya kutsogolo kapena ya kumbuyo. Kumapiri, woyendetsa waluso amatha kugunditsa mateyala a kumbuyo okha pa thanthwe, mphuno ili lende m'malere, asilikali n'kumatsika pa chitseko cha kumbuyo ngati akutsika m'lole.

Kulimba kwake kunaonekera bwino pa nkhondo ya ku Falklands mu 1982. Britain inakweza ma Chinook anayi m'sitima ya Atlantic Conveyor, koma ndege za Argentina zitaiphulitsa pa 25 Meyi, atatu anapsera momwemo pamodzi ndi masipeya, zida za amakaniko ndi mabuku okonzera. Inatsala imodzi yokha, yodziwika kuti Bravo November, imene pa nthawiyo inali m'mwamba. Inagwira ntchito mpaka nkhondo kutha amakaniko akungoisamalira ndi zimene apeza, ndipo tsiku lina inanyamula asilikali 81 ataimirira mothithikana, pafupifupi kuwirikiza kawiri chiwerengero chovomerezeka. Kwa ine nkhani imeneyi ikulemera kuposa ya ku Takur Ghar, chifukwa msilikali amene ali kuthengo safunsa za ndege imene ingathe kunyamula zambiri, koma za imene idzuke mawa m'mamawa.

Ya chitatu, CH-53 ya kampani ya Sikorsky, ili pakatikati, ndipo kwawo kwake ndi panyanja. Mtundu wa CH-53E, umene unayamba ntchito mu 1981, uli ndi mainjini atatu ndi mapiko 7, umanyamula matani pafupifupi 16 kunsi, ndipo mapiko ndi mchira wake zimapindika kuti ukwane m'sitima yankhondo. Mu Januwale 1991, boma la Somalia likugwa, awiri a mtunduwu ananyamuka usiku pa sitima ya USS Guam, namwa mafuta ali m'mwamba, nakapulumutsa anthu ku ofesi ya kazembe wa America ku Mogadishu, ulendo wa makilomita oposa 800. Mtundu watsopano wa CH-53K unauluka koyamba mu 2015 ndipo ndi wamphamvu kuposa wakalewo, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba ngakhale kwa mayiko olemera. Israel inausankha mu 2021, pamene Germany, imene inali itakhala ndi ma CH-53 akale kwa zaka pafupifupi 50, inatembenuka mu 2022 n'kusankha ma Chinook 60.

Dziko limene linayesa mbali zonse ziwiri ndi India. Linagula ma Mi-26 anayi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ina inachita ngozi ku Jammu mu 2010, ndipo otsalawo anafika pongokhala pansi kudikira kukonzedwa. Litafuna ndege zatsopano, linaika Chinook ndi Mi-26 pa sikelo imodzi, osayang'ana mtengo wogulira wokha koma ndalama zonse za mafuta, masipeya ndi kukonzetsa pa moyo wonse wa ndegeyo, ndipo mu 2015 linasaina pangano logula ma Chinook 15. Ntchito zambiri za tsiku ndi tsiku, monga kutula mzinga, madiramu a mafuta kapena gulu la asilikali, sizifika matani 20, choncho kutumiza Mi-26 kumakhala ngati kutuma thiraki yaikulu kukatenga matumba ochepa kudimba.

Sindikunena kuti Mi-26 ndi yosafunika, popeza pali katundu wina amene palibe helikopita ina imene ingamusunthe, ndipo dziko la Algeria linagula ya mtundu watsopano wa Mi-26T2 podziwa zimenezi. Koma amene angaifune lero ayenera kuganizira kaye za injini zake: ma D-136 awiri amene amaiyendetsa amapangidwa ku Zaporizhzhia, m'dziko la Ukraine, pamene thupi lake limapangidwa ku Rostov-on-Don, m'dziko la Russia, ndipo mayiko awiriwa akhala pa udani kuyambira 2014.