Ntchito za khonsolo pamsika wathu, ndikupereka 2 pa 5

Ndimagulitsa kaunjika pamsika wa paboma kwathu kuno, chaka chachisanu tsopano, ndiye ndati ndilembeko momwe khonsolo ikutisamalilira ife amene timadula chiphaso tsiku ndi tsiku.

Zabwino zilipo, ndisaname. Abambo amene amatolera chiphaso amafika mmawa nthawi yake, lisiti amapereka osachita kuwakumbutsa, ndipo shedi yomwe anatimangira mbali ya azimayi a tomato yathandiza kwambiri nthawi ya mvula. Mamalikisi awiri aja ndi a zimenezi.

Koma chimbudzi abale, cholipiranso, chinadzaza kalekale ndipo zinyalala zimangounjikana kuseri kwa mabenchi a nsomba mpaka ntchentche bwee, mvula ikangoyamba tonse mtima uli mmwamba kuopa kolera. Tinapita komiti yonse kwa akhansala, anatilandira bwino ndithu, anati thirakitala inafa ndipo ndalama zochokera ku boma sizinafike. Tafunsa za ngalande yomwe imasefukira m'maokala, akuti ili m'mbali mwa msewu waukulu ndiye si ya khonsolo. Tapita kwa aMP akuti za CDF, ndalama za chitukuko cha m'dera lawo, anazikonzera kale zina. Aliyense akuloza mnzake, ife madzi ali m'mabelo.

Apa mpamene ndinayamba kuganiza kuti vuto si akhansala okha ayi. Mphamvu ku anthu tinayamba kuimva 1998 pomwe lamulo la maboma ang'ono linabwera, ndondomeko yake inkati makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera. Makhansala tinasankha 2000, nthawi yawo itatha 2005 dziko linakhala opanda khansala mpaka 2014, zaka 9 zathunthu! Kenako 2010 anasintha lamulo lija kuti ma MP azivota nawo mukhonsolo komanso DC azisankhidwa ndi nduna. Ndiye munthu amene ndinamuvotera ine alibe ndalama, amene akugwira ndalama sindinamuvotere, nanga ndikadandaule kwa ndani?

Nchifukwa chake anzathu akumpoto akamakamba za fedulo, yoti chigawo chilichonse chizikhala ndi boma lakelake pansi pa boma lalikulu, ine sindiwanyoza ngati kale, ngakhale ndimaopabe kuti zingatigawe m'zigawo. Ku Kenya sanachite kufika pa fedulo yeniyeni koma malamulo awo a 2010 anakhazikitsa maboma a m'madera 47 otchedwa ma county, gavanala amasankhidwa ndi anthu ndipo ndalama zosachepera 15 peresenti zimayenera kutsikira kumeneko, zinalembedwa m'malamulo akulu a dziko osati kudikira chifundo cha munthu.

Amene mukufuna kuyamba geni pamsika uno bwerani, makasitomala alipo makamaka kumapeto a mwezi, koma pezani benchi mbali yakumtunda kutali ndi ngalande ija, ndipo malisiti a chiphaso muzisunga. Ife tikuwasonkhanitsa a miyezi itatu kuti tikawaonetse ku msonkhano wa khonsolo, tikafunse kuti pa ndalama zimenezi zingati zabwerera pamsika.