Capere ndi prehendere, onse ndi kugwira koma kagwiridwe kake nkosiyana

Aroma m'chilankhulo chawo cha Chilatini anali ndi mawu awiri a kugwira, capere ndi prehendere, ndipo onsewa anadzalowa mChingerezi, ambiri podzera ku Chifalansa ma Norman, anthu a kumpoto kwa France, atalanda England mu 1066.

Capere ndi kutenga kapena kulanda, ngati asilikali alanda mzinda. Ana ake ndi capture, captive, accept, receive, ngakhale catch ndi chase omwe, awiriwa anachokera pa liwu limodzi captiare kungoti catch anabwera ndi Chifalansa cha kumpoto pomwe chase ndi wa cha ku Paris.

Prehendere ndiye amandisangalatsa ine, uku ndi kugwira ndi dzanja kuti gwi osataya. Wapolisi akagwira wakuba amati apprehend, komwe akamutsekere ndi prison, liwu lomwelo lija, ndiye mwana wasukulu samu zikamulowa akuti comprehend, ngati kuti waigwira mfundoyo ndi manja. Ife timati wamvetsa, timadzera kukhutu, iwo kudzanja eti. Surprise nayenso ngwa banja lomweli, kukugwira usakuyembekezera.

Koma grab, grip ndi grasp musawaike mgulumu ayi, amenewo si a Chilatini, ndi a banja limodzi la zilankhulo ndi Chijeremani, grip ndi m'bale wa greifen, kugwira m'Chijeremani.