Ndemanga ya mapuloteni a Rac1 ndi KRAS ogwiritsa ntchito pofufuza khansa

Ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Mapuloteniwa amagwiradi ntchito, koma amene akuitanitsa ali kuno kumudzi ayambe waganizira za kuzizira asanatulutse ndalama.

Ndimagwira ntchito ya mu labu kuno ku Dedza, ndipo ndili m'kagulu kofufuza khansa ya Kaposi. Tinagula mapuloteni awiri a munthu opangidwira m'mabakiteriya a E. coli: Rac1, ndi KRAS yosinthika ya mtundu wotchedwa G12D. Onse ndi a banja la small GTPase, timapuloteni ting'onoting'ono tomwe timakhala ngati swichi m'selo. Kapuloteni kotere kakagwira kamolekyulu kotchedwa GTP kayaka, selo n'kulandira uthenga woti likule kapena liyende. Kakaphwanya GTP n'kutsala ndi GDP, kazima. M'khansa zambiri swichiyi imakanirira poyaka.

KRAS ndiye yotchuka. Imapezeka yosinthika mwa odwala khansa ya kapamba pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankati palibe mankhwala angaigwire, mpaka sotorasib atavomerezedwa ku America mu 2021. Mankhwalawo amagwira mtundu wa G12C wokha. Ife KRAS tinaitenga kuti tiziyerekezera nayo basi.

Mtima wanga unali pa Rac1. Aliyense wogwira ntchito m'zipatala za ku Dedza ndi ku Ntcheu amawadziwa odwala obwera kuchokera ku Mayani, Lobi kapena Mtakataka miyendo itatupa, itachita zigamba zakuda. Imeneyo ndiye khansa ya Kaposi. Moritz Kaposi anafotokoza matendawa mu 1872, koma kachilombo koyambitsa, HHV-8, kanapezeka mu 1994 ndi Yuan Chang ndi Patrick Moore. Puloteni ina ya kachilomboka, vGPCR, imayatsa Rac1 m'maselo a mitsempha ya magazi, ndipo mbewa zimene akatswiri anaziika Rac1 yosazima zinatuluka zotupa zofanana ndi za Kaposi. Makampani akuluakulu amathamangira KRAS chifukwa ndi kumene kuli msika. Khansa yodzaza m'mawodi mwathu muno ndi ina, n'chifukwa chake ndinkafuna Rac1 yodalirika.

Pamenepa ogulitsa mapuloteniwa sanatikhumudwitse. Pa jelo ya SDS-PAGE, yolekanitsa mapuloteni potengera kukula kwawo, panatuluka mzere umodzi wooneka bwino, wopanda zinyalala zambiri. Titaidzaza ndi GTPγS, yomwe ndi GTP yovuta kuphwanya, Rac1 inagwirana ndi chidutswa cha PAK1, puloteni yogwira Rac1 ikayaka, monga ziyenera kukhalira, pamene yodzaza ndi GDP sinagwire. Ndiye kuti puloteniyo ndi yamoyo, yopindika bwino, osati yongooneka pa jelo. KRAS nayo inasinthana GDP mofulumira titaithirira SOS1, puloteni yoithandiza kutaya GDP. Musaiwale magnesium mu buffer, madzi osungiramo puloteni: popanda iyo puloteni imataya chimene yagwira n'kuyamba kuundana.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, amagulitsa yamadzi yokha, yotumiza pa dry ice, ayezi wouma wozizira kwambiri. Phukusi lathu linachedwa m'njira, ndipo pofika dry ice anali atatsala pang'ono kutha. Anzathu ena ankaseka kuti ku Dedza n'kozizira kale, koma chisanu cha mu Juni sichithandiza kanthu pa chinthu chofuna -80°C. Firiji yotere ili ku Lilongwe, kotero tinagawa puloteniyo m'timachubu ting'onoting'ono komweko, n'kumanyamula tochepa m'bokosi la ayezi pa msewu wa M1. Kusungunula ndi kuumitsanso kumaipha, ndipo magetsi akathima usiku mtima sukhala m'malo. Akanakhala ndi yaufa, yongosungunula pofuna kugwiritsa ntchito, akanatithandiza kwambiri ife a kutali.

Chachiwiri ndi pepala lofotokoza katunduyo. Silinena ngati puloteni yabwera itagwira GDP kapena ayi. Komanso zoti KRAS yawo inadulidwa mchira pa amino acid 169 (kachidutswa ka nambala 169 mwa timene timapanga puloteniyo) anazilemba m'timalemba ting'onoting'ono pansi. Imeneyi si nkhani yaing'ono: mchira wochotsedwawo ndi umene umalandira mafuta otchedwa farnesyl kuti KRAS imamatire ku khungu la selo, ndipo E. coli payokha siika mafuta amenewa. Wofuna kuona mmene puloteni imakhalira pa khungu la selo, iyi simuthandiza.

Titawalembera, anayankha msanga n'kutumiza satifiketi ya gulu la katundu wathu. Rac1 ndidzagulanso, koma ndidzawauza atumize Lolemba, aonjezere dry ice, ndipo wina akhale akudikira ku bwalo la ndege mapepala onse ali m'manja.